Mkazi wa pachikwangwani uja kulibe

Amayi anzanga, achemwali, ndi inu abambo amene muli ndi ana aakazi pakhomo, ndiloleni ndilankhule zimene zakhala zikundidya mumtima. Mkazi amene timamuona pa zikwangwani za malonda mumsewu wa Masauko Chipembere ku Blantyre, yemwenso amatitulukira pafoni tikangotsegula Facebook, Instagram kapena TikTok, mkazi ameneyo kulibe. Inde, alipo munthu amene anaima kutsogolo kwa kamera. Koma iye atapita kwawo, chithunzi chake chinalowa mu kompyuta. Anachepetsa chiuno, anatalikitsa khosi ndi miyendo, anafufuta ziphuphu, zipsera ndi mizere ya pamimba, khungu n'kuliwalitsa mbee. Mwini wakeyo akadzuka m'mawa n'kudziyang'ana pagalasi, saona zimene ife tikuona pachikwangwanipo. Ndiye ana athu akudzida chifukwa chosafanana ndi chithunzi chimene ngakhale mwini wake safanana nacho.

Musati ndikungopeka. Ku France, kwawo kwa mafashoni, kuyambira mu 2017 lamulo limati chithunzi cha malonda chimene thupi la wojambulidwayo alichepetsa kapena kulikulitsa pa kompyuta chizilembedwa poyera kuti ndi chokonzedwa, ndipo wonyozera amalipira chindapusa cha ma euro 37,500. Dziko la Norway nalo linayamba kutsata lamulo lofanana ndi limeneli mu 2022. Sanangodzuka n'kulemba malamulowa, maliro anali atachitika kale m'mayiko ena. Mu 2006 mtsikana wa ku Uruguay, Luisel Ramos, anagwa n'kumwalira pachionetsero cha zovala ali ndi zaka 22, atakhala nthawi yaitali akudzimana chakudya. Chaka chomwecho Ana Carolina Reston wa ku Brazil anamwalira ali ndi zaka 21 ndi matenda a anorexia, aja munthu amaopa kudya mpaka thupi kutheratu. Ntchito yawo inali yovala zovala kuti ife tizisirire.

Mwina wina akuti zimenezo n'za azungu, kuno sizingafike. Tamvani za ku Fiji, zilumba za m'nyanja ya Pacific. Anthu akumeneko anali ngati ife: mkazi wadzitho ankatamandidwa, ndipo munthu akaonda abale ankada nkhawa n'kumamukakamiza kudya. Mu 1995 kudera la Nadroga kunafika wailesi ya kanema yodzaza ndi mapulogalamu a ku America ndi Australia. Dokotala wina wa ku yunivesite ya Harvard ku America, Anne Becker, anafunsa atsikana a sukulu kanemayo itangofika, n'kudzafunsanso ena mu 1998. Poyamba panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadzisanzitsa pofuna kuchepetsa thupi. Patangotha zaka zitatu, atsikana 11 pa 100 alionse anavomera kuti amatero. Zaka zitatu zokha, ndipo imeneyo inali kanema ya pabalaza yoonera banja lonse pamodzi. Nanga foni imene mwana amagona nayo pansi pa pilo? Mu 2021 zikalata za m'kati mwa kampani ya Facebook zitaululidwa ndi Frances Haugen, amene ankagwira ntchito kumeneko, zinaonetsa kuti eni ake ankadziwa kuti Instagram imawonjezera vutoli kwa mtsikana mmodzi mwa atatu alionse amene sakondwa kale ndi thupi lake.

Kwathu kuno nkhaniyi ndi yopota kuposa pamenepo. Tinakula tikumva kuti "wanenepatu, akukusunga bwino kubanjako", ndipo amenewo anali mawu oyamikira. Amene tinaona zaka za kaliwondewonde tikukumbukira mmene mkazi wochepa thupi ankalozedwera chala pachitsime, anthu n'kumanong'onezana kuti wautenga. Zimenezo zinali nkhanza, sindikuzilakalaka. Koma taonani zimene mtsikana wa lero akuuzidwa: mimba ikhale yaphwaa, chiuno ngati cha mavu, mbina yaikulu, manja aang'ono, khungu loyera, tsitsi lofika kumsana. Thupi limeneli silibwera ndi nsima, silibweranso ndi kusala kudya. Ambiri mwa amene akulionetsa pa intaneti analigula kwa madokotala, pa opaleshoni ija amati BBL, yopopa mafuta a pamimba n'kuwabaya kumatako. Madokotala eni ake amaiwerengera m'gulu la maopaleshoni okongoletsa oopsa kwambiri, chifukwa mafutawo akalowa mumtsempha amakatseka m'mapapo, munthu n'kutsirizika pomwepo. Wa kuno amene alibe ndalama zimenezo amagula zimene angathe. M'mawa tiyi wochepetsa mimba, amene nthawi zambiri ntchito yake ndi kungotsegula m'mimba basi. Masana lamba wothina mpaka kupuma movutika mu minibasi. Usiku mankhwala opatsa njala monga Apetamin, amene ali ndi cyproheptadine, ogonetsa tulo ndiponso otha kuvulaza chiwindi. Mtsikana mmodzi, thupi limodzi, akulikokera uku ndi uku.

Koma chimene chimandiwawa koposa ndi khungu. Pitani mumsika uliwonse, ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, mukaime pa benchi ya zodzoladzola. Timachubu ndi timabotolo ndandanda, ena osakaniza okha m'mabotolo opanda dzina, wogulitsa n'kumalonjeza kuti pakatha sabata ziwiri anthu sakuzindikirani. Ndinakhalapo pafupi ndi mayi wina pa mwambo wa chinkhoswe. Nkhope inali yoyera, koma m'masaya munali mofiira ngati mopsa ndi moto, timitsempha tikuonekera, ndipo atatambasula dzanja kuti afupe, mfundo za zala zinali zakuda bii. Dzuwa litangomuomba pang'ono anayamba kudziphimba ndi chitenje, maso ali gwa pansi. Sindinamuseke ndipo sindikumuseka pano. Mtima unandipweteka, chifukwa alipo amene anamuuza, mwina kuyambira ali mwana, kuti mmene analengedwera sizikukwanira.

Mafuta ambiri otere amakhala ndi hydroquinone, ma steroid amphamvu monga clobetasol ndi betamethasone, kapena mercury. Hydroquinone ukaidzola nthawi yaitali imabweretsa zigamba zakuda zovuta kuchiza, zimene madokotala amati ochronosis. Ma steroid amapyapyalitsa khungu mpaka bala limavuta kupola, ndipo akalowerera m'thupi angathe kukweza BP ndi shuga. Mercury imawononga impso ndi mitsempha, imafikanso kwa mwana ali m'mimba kapena akuyamwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndani anatiphunzitsa kuti kuyera ndiye kukongola? Mizu yake ndi yakale, ya nthawi ya atsamunda, koma amalonda ndi amene amaithirira tsiku ndi tsiku. Mu 2017 Nivea inakweza zikwangwani ku Ghana ndi ku Nigeria zolonjeza akazi akuda khungu lowalirako. Chaka chomwecho Dove inapepesa itaonetsa pa Facebook mkazi wakuda akuvula malaya n'kusanduka mzungu. Mu 2020 ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito, masitolo a Clicks anaika chithunzi cha malonda a TRESemmé chonena kuti tsitsi la mkazi wakuda ndi louma ndi lowonongeka, la mzungu ndiye labwinobwino. Anthu anakwiya mpaka masitolo anatsekedwa. M'chaka chomwechonso Unilever inasintha dzina la Fair & Lovely kukhala Glow & Lovely, koma mafutawo akadali pamsika. Wamalonda amadziwa kuti mkazi wokhutira ndi mmene alili sagula zambiri. Amayamba wakudwalitsa mtima, kenako n'kukugulitsa mankhwala.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Mwana akabadwa timathamangira kuona makutu kuti tidziwe ngati ade kapena ayere. Timanena pamaso pa ana kuti uyu ndiye chiphadzuwa chifukwa watengera kuyera kwa bambo ake, mnzakeyo ali pomwepo akumva. Inu achimwene amene mumalemba pa Facebook kuti mukufuna "yellow bone", mkazi woyera khungu, mlongo wanu amawerenga zimenezo. Ojambula pa maukwati nawonso, mkwatibwi amamuyeretsa pa kompyuta mpaka agogo ake kufunsa kuti ameneyu ndani.

Pali malo amodzi amene ine ndimapezako mpumulo: pakhonde la telala. Ukafika ndi chitenje chako, amatenga tepi ija yapakhosi, n'kukuyeza pachifuwa, m'chiuno, m'matako, kutalika kwa mkono, n'kulemba manambala m'kope lakutha ndi pensulo ya kukhutu. Sakufunsa chifukwa chake mimba sinabwerere utabereka. Amadula nsalu motsata thupi lako, ndipo ukadzayesa n'kupeza kuti yathina, wolakwa ndi iyeyo, amasula n'kusokanso. Malonda a mafashoni anatembenuza zimenezi. Amasoka diresi pa chidole cha m'sitolo chopanda mimba, ndipo likakukana amati wolakwa ndiwe, kadzikonze. N'chifukwa chake mayi wa ana anayi amachoka pa kaunjika ali wokhumudwa ndi thupi limene lanyamula mimba zinayi, limalima, limasenza ndowa, pamene buluku la jinzi limene lamukanalo linasokedwera munthu wa kutsidya kwa nyanja.

Pempho langa likupita kwa inu amene mumagulitsa zovala pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndi inu okonza mafashoni a chitenje amene mwachuluka masiku ano. Valitsani zovala zanuzo akazi amene amazigula: wakuda, wamfupi, wonenepa, wochepa thupi, wa imvi, wa tsitsi lake lamzindo. Zozibini Tunzi wa ku South Africa anapambana mpikisano wa chiphadzuwa wa Miss Universe mu 2019 ali ndi khungu lake ndi tsitsi lake lalifupi, dziko lonse likuona, ndiye musatiuze kuti zotere sizigulitsa. Ndipo a Malawi Bureau of Standards ndi a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, mayiko anzathu anayambapo kale. Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa khungu mu 2015, Rwanda inayamba kuwachotsa m'misika mu 2018. Ma steroid ndi mankhwala a kuchipatala, sayenera kugulitsidwa pa benchi limodzi ndi sopo ndi zipeso.

Inu achemwali amene munayamba kale kudzola ndipo mukuopa kusiya chifukwa mukasiya nkhope imatuluka ziphuphu ndi kuyabwa, dziwani kuti ndi mmene ma steroid amachitira, khungu limakhala litawazolowera. Musawonjezere chubu china champhamvu pofuna kuziziritsa. Tengani machubu onse amene mumadzolawo, mupite nawo kuchipatala mukaonetse a dokotala a khungu, akuthandizeni kusiya pang'onopang'ono.