Maganizo anga: R ikakhala chete, m'pamene muyenera kuchita mantha

Sabata yathayi mnyamata wina amene akumaliza maphunziro a zaulimi anandipeza ku ofesi kuno pa boma la Kasungu, laputopu m'manja, nkhope yakugwa. Ankalimbana ndi R, pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira deta, yomwe imalemba uthenga wofiira ukalakwitsa lamulo. Akuti, "Achimwene, R yandikana. Chilichonse ndikalemba ikungotulutsa zofiira." Tinakhala pansi, ndipo theka la ola lisanathe zofiira zonse zinali zitatha. Pena anaiwala kutseka bulaketi, pena analemba Zokolola ndi Z wamkulu pomwe kolamu yake inayamba ndi z wamng'ono. Anasangalala, n'kuyamba kulongedza. Ndinamuuza kuti adikire kaye tiione bwino nambala yomwe yatulukayo. Avereji ya mtedza pa ekala inali yoti palibe mlimi wa kwa Chulu kapena kwa Kaluluma amene anayamba waikololapo chibadwire. Koma R sinadandaule ngakhale pang'ono. Inawerengetsa, n'kupereka yankho, n'kukhala duu.

Nkhani yanga lero ndi imeneyo. Ambiri amene tikuphunzira R timaopa uthenga wofiira, pomwe uthenga wofiira ndi bwenzi. Umakuimitsa, umakuuza kuti apa sipali bwino. Chimene chimawononga malipoti athu ndi cholakwa chomwe chimadutsa mwakachetechete, n'kukafika pa tebulo la abwana chitavala graph yokongola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musandimve molakwa, R ndimaikonda ndipo ndimalimbikitsa aliyense kuiphunzira. Ndi yaulere. Anaiyambitsa Ross Ihaka ndi Robert Gentleman ku yunivesite ya Auckland ku New Zealand, ndipo R 1.0.0 inatuluka m'chaka cha 2000. Kuyambira pamenepo palibe amene anakulipiritsapo laisensi ngati mmene zilili ndi SPSS kapena Stata, zomwe ambiri kuno timangopatsana zobera pa fulashi, n'kumadzafa pakati pa ntchito. Komanso R imasiya mapazi. Chilichonse chomwe wachita pa deta chimakhala cholembedwa mu script, fayilo ya malamulo onse amene waipatsa, moti mnzako atha kulondola n'kuona pomwe unapotokera. Mu Excel munthu amasintha nambala ndi dzanja, mawa iye mwini osakumbuka.

Koma tiyeni tinene zoona za deta yathu. Ine ndimagwira ndi magulu a alimi a soya, mtedza ndi chimanga, ndipo mafunso timatolera pa foni kudzera pa KoboToolbox, ena pa pepala netiweki ikavuta. Deta imeneyi siifanana ndi ija amakuphunzitsirani ku workshop, ya maluwa ndi magalimoto, yoyera ngati yochapa ndi sopo. Yathu imabwera ndi fumbi la kumunda.

Tiyambe ndi 999. Ma enumerator, anthu amene amafunsa alimi mafunso, ambiri anaphunzitsidwa kuti mlimi akati sakudziwa, ulembe 99 kapena 999. Kwa munthu, imeneyo ndi chizindikiro. Kwa R, ndi nambala ngati ina iliyonse. Tiyerekeze kuti alimi asanu akolola matumba 10, 12, 8, 15, ndipo wachisanu sanakumbukire, n'kulembedwa 999. Avereji yeniyeni ya anayi aja ndi matumba 11.25. R ikupatsani 208.8, popanda chenjezo lililonse. Pa alimi asanu mutha kuona ndi maso kuti zalakwika. Nanga pa alimi mazana angapo, pomwe ma 999 ndi ochepa chabe? Avereji imangokwera pang'ono, mokwanira kuti polojekiti ioneke ngati yachita zodabwitsa. Ichi ndi chimodzi mwa zomwe zinamugwetsa mnyamata uja. Ma 999 muziwasandutsa NA, chizindikiro cha R chosonyeza kuti yankho palibe, musanawerengetse kalikonse.

NA nayo ili ndi msampha wake. Mukapempha avereji pa kolamu yomwe ili ndi NA, R imayankha kuti NA. Aliyense amathamangira kulemba na.rm = TRUE, lamulo louza R kuti isiye ma NA, yankho n'kutuluka, mtima n'kukhala pansi. Koma mwafunsa kuti amene mwawachotsawo ndi angati, ndipo ndi ndani? Kawirikawiri amene sayankha funso la zokolola ndi amene sanakolole kanthu, kapena amayi amene mwamuna wawo ndiye anagulitsa ndipo sanawauze. Mukawachotsa mwakachetechete, lipoti lanu likunena za alimi ochita bwino okhaokha.

Tsopano nkhani ya miyezo, yomwe kwa ine ndiye phata. Palibe package ya R, kutanthauza zida zowonjezera zomwe timaikamo, yomwe imadziwa kuti ndowa ndi chiyani. Mlimi wa kwa Santhe akati wakolola ngolo zitatu za chimanga, ndi chimanga chosatonola chimenecho, ndipo ngolo yake si yofanana ndi ya mnzake wa ku Chamama. Wina anena matumba, koma thumba lomwe timalitcha la 50 kg limalemera choncho likakhala la chimanga chotonola. Mukathiramo mtedza wosaswa, kulemera kwake kumatsika kwambiri, pakuti makoko amadya malo. Wina anena ndowa, koma ndowa yosefukira ndi ndowa yosalaza pakamwa n'zosiyana, ndipo aliyense amene anagulitsapo kwa mavenda akudziwa mkangano umene umakhalapo pamenepa. Ngati fomu yanu inangofunsa kuti "mwakolola zochuluka bwanji" popanda kolamu ya muyezo, ndiye kuti 3 wa ngolo, 3 wa matumba ndi 3 wa ndowa alowa mu kolamu imodzi, ndipo R iwaphatikiza onse ngati abale a bere limodzi.

Malo olima n'chimodzimodzi. Mlimi amanena maekala, lipoti limafuna mahekitala. Ekala imodzi ndi pafupifupi 0.405 ya hekitala, kutanthauza kuti hekitala ili ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Enumerator mmodzi akasintha yekha m'mutu n'kulemba mahekitala, anzake akulemba maekala, zokolola za dera lake zioneka ngati zaposa za ena kawiri ndi theka. Mudzayamba kulemba zifukwa zozama, kuti mwina nthaka ya kumeneko ndi yabwino kapena alangizi ake ndi akhama, pomwe vuto ndi munthu mmodzi ndi foni yake. N'chifukwa chake ine ndisanaone avereji ya dera, ndimayamba ndaona avereji ya enumerator aliyense payekha. Ndi malamulo a group_by ndi summarise a mu package ya dplyr, ndi mizere itatu yokha. Wina akapatuka kwambiri pa anzake, ndimamuimbira foni. Safunsa anadya phula.

Maina a malo ndiye osanena. Chamama, chamama, CHAMAMA, ndi Chamama wina wokhala ndi mpata kumapeto womwe maso sauona: kwa R amenewa ndi madera anayi. Mtunthama wina amalemba Mthunthama. Za mipata ndi zilembo zazikulu n'zosavuta kukonza ndi trimws ndi tolower, dzina lolembedwa molakwika n'kulikonza palokha, bola uyambe wapempha table ya kolamuyo n'kuwerenga maina onse mmodzimmodzi. Chovutirapo ndi kulumikiza mafayilo awiri pogwiritsa ntchito dzina la munthu. Kuno ku Kasungu a Banda ndi a Phiri ndi angati m'mudzi umodzi? Mukalumikiza ndi lamulo la left_join pa dzina, Banda aliyense wa fayilo yoyamba amalumikizidwa ndi Banda aliyense wa dzina lofanana mu fayilo yachiwiri, mizere n'kuchulukana, feteleza yemwe munagawa n'kuoneka wochuluka kuposa amene anatsika pa lole. dplyr yatsopano imachenjeza zikatere, koma chenjezo si uthenga woimitsa ntchito, ndipo ambiri timalidumpha. Mlimi aliyense akhale ndi nambala yakeyake kuyambira tsiku lolembetsa, ndipo muziwerenga mizere musanalumikize komanso mutalumikiza.

Mwina wina aganiza zogwiritsa ntchito nambala ya foni ngati nambala ya mlimi. Samalani. Nambala zathu zimayamba ndi 0, monga 088 ndi 099, ndipo read.csv, lamulo lotsegulira fayilo ya deta mu R, ikaona manambala okhaokha imachotsa 0 woyambayo. Fayilo ina ikakhala ndi +265 kutsogolo, palibe chomwe chilumikizane. Kolamu ya foni muziiwerenga ngati mawu.

Masiku nawo amapweteka. Excel imasunga tsiku ngati nambala, moti mukatsegula mu R mutha kupeza 45000 pomwe mumayembekezera tsiku lodzala. Nambala imeneyo ndi 15 March 2023 ngati muwerenga kuchokera pa 30 December 1899 monga imachitira Excel ya pa Windows. R payokha imawerenga masiku kuchokera pa 1 January 1970, ndiye mukalakwitsa poyambira, mbewu yanu idzaoneka kuti inadzalidwa mu 2093. Limenelo ndi losavuta kuligwira. Loopsa ndi 03/04/2024, lomwe ife timawerenga kuti 3 April koma kompyuta yotcheredwa mwa Chimereka imati March 4. Onse awiri ndi masiku enieni, palibe chofiira chomwe chituluke.

Pali kamsampha kena kakale komwe ndikufuna achinyamata akadziwe, chifukwa ma script akale akadali kuyenda m'maofesi. R 4.0.0 isanatuluke mu 2020, read.csv inkasandutsa yokha kolamu ya mawu kukhala factor, mtundu wa kolamu momwe R imapatsa liwu lililonse nambala yakeyake ya gulu. Kolamu ya matumba ikakhala ndi liwu limodzi lokha m'kati, monga "palibe", yonse inkakhala factor. Ukaisintha kukhala manambala ndi as.numeric, sinkakupatsa matumbawo koma malo a nambala iliyonse pa mndandanda wa alifabeti: pa 10, 12 ndi 8, 10 amakhala 1, 12 amakhala 2, 8 amakhala 3. Wokolola zochepa n'kukhala patsogolo. Lero read.csv sichitanso zimenezi yokha, koma factor ikapezeka, as.numeric imachitabe chimodzimodzi.

Kwa amene mukulemba kafukufuku pogwiritsa ntchito deta ya NSO, ofesi ya boma yoona za kalembera ku Zomba, kaya IHS (kafukufuku wa umoyo wa mabanja) kapena DHS (wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo), musaiwale ma weight, manambala osonyeza kuti woyankha aliyense akuimira anthu ochuluka bwanji. Mabanja a mu kafukufuku ameneyu sanasankhidwe ndi mwayi wofanana, ndiye avereji wamba siimira boma kapena dziko. Mu DHS ya amayi, weight ili mu v005 ndipo imagawidwa ndi 1,000,000. Package ya survey, ya Thomas Lumley, ndi imene imagwira ntchito imeneyi. Apanso mukaiwala, R sikukumbutsani.

Mavuto a magetsi ndi intaneti tonse tikuwadziwa, sindichedwapo. Kuika tidyverse, gulu la ma package momwe muli dplyr, kumakoka ma package ambirimbiri, bandulo n'kutha pakati. Mmodzi akapeza intaneti yabwino atsitse mafayilo a zip a ma package n'kugawira anzake pa fulashi, bola R yawo ikhale yofanana. R ikakufunsani ngati mukufuna kuika kuchokera ku source, pa Windows yankhani kuti ayi, pokhapokha ngati muli ndi Rtools, yomwe nayo ndi fayilo yaikulu. R imasunga deta yonse mu RAM, ndiye laputopu ya 4 GB ikatsegula fayilo yaikulu imayamba kukwawa. Werengani makolamu okhawo amene mukuwafuna. Ndipo musadalire zomwe zatsalira mu Environment ya RStudio, pulogalamu yomwe ambiri timalemberamo R. Magetsi akazima batire litafa kale, chomwe chimakupulumutsani ndi script yosungidwa. Script yabwino ndi yomwe ungatseke R, n'kutsegulanso, n'kuiyendetsa kuchokera pamwamba mpaka pansi, yankho n'kutuluka lomwelo. Mzere uja wa setwd, wouza R foda yomwe muli mafayilo, wokhala ndi dzina lanu ndi Desktop yanu sugwira pa kompyuta ya mnzanu. Tsegulani Project mu RStudio.

Dandaulo langa lalikulu likupita kwa ife amene timaphunzitsa. Timaitana anthu masiku atatu, tsiku loyamba kuika R, lachiwiri ggplot2 yojambulira ma graph, lachitatu regression yoyezera mgwirizano wa zinthu, satifiketi m'manja, aliyense kwawo. Kuyeretsa deta timakutchula mphindi khumi ngati ntchito ya mtsikana wa pakhomo, pomwe ndi kumene kumadya nthawi yochuluka ya ntchito yeniyeni. Munthu amachoka akudziwa kutulutsa p-value koma sanayambe waonapo ngolo ndi ndowa mu kolamu imodzi. Ine ndikuti tisinthe. Tsiku loyamba tiziwapatsa fayilo yauve yochokera kumunda kwathu konkuno, titachotsamo maina ndi manambala a foni a alimi, n'kuwauza kuti apeze zolakwika zonse asanawerengetse avereji ngakhale imodzi. Aphunzire summary, table, ndi histogram wamba asanamve za model.

Chachiwiri, tisamalekanitse wotolera deta ndi wosanthula. Amene amakhala pa R azipita nawo kumunda ngakhale masiku awiri, amve mmene funso limafunsidwira m'Chichewa kapena m'Chitumbuka cha kumpoto kwa boma lino, ndi mmene agogo amayankhira akafunsidwa kukula kwa munda wawo. Masiku ano achinyamata ambiri akumata uthenga wofiira mu ChatGPT, ndipo nthawi zambiri imawakonzera. Sindikutsutsa. Koma imakonza zofiira zokha. Siinaimepo pa msika wa Chinkhoma kapena wa Nkhamenya, ndipo siingakuuzeni kuti 40 wa mu mzere uwo ndi ndowa osati matumba. Amene angakuuzeni ndi mlangizi wa dera limenelo.

Mnyamata uja tinachotsa naye ma 999, avereji n'kutsika, koma inali ikadali yokwera. Titagawa deta malinga ndi enumerator, tinapeza kuti awiri ankalemba ndowa, ena onse matumba, ndipo palibe amene analemba ngati mtedzawo unali woswa kapena wosaswa. Pamenepo R inali itafika pothera nzeru zake. Ndinamuuza kuti atseke laputopu, aimbire awiri aja, ndipo abwereke sikelo. Lachinayi tikupita limodzi kukayeza ndowa ya mtedza wosaswa m'makomo angapo, yosefukira ndi yosalaza, kuti nambala yosinthira yomwe aike mu script yake ikhale yoti anaiona yekha pa sikelo.