Wosiya mowa tisamusiye yekha Lachisanu madzulo

Maganizo anga ndi akuti timalakwitsa pothandiza m'bale wathu amene mowa wamugwira. Timamukalipira, timaitana ankhoswe, ena timapita naye kumapemphero a usiku wonse. Iye amalira, amalumbira kuti basi sadzalawanso. Kenako tonse timabalalika. Lachisanu la kumapeto kwa mwezi likafika, ndalama ili m'thumba, chibaba chamukwera, anthu okhawo omwe akumuimbira foni ndi aja a pabenchi la kwa mayi ogulitsa kachasu. Ife tili kunyumba kwathu, tikudikira kumva kuti wayambiranso kuti tinene kuti tinkadziwa.

Munthu ameneyu akusowa anzake atsopano, ndipo akhale oti nawonso anadutsa momwemo. Amene sanadzukepo m'mawa manja akunjenjemera mpaka kulephera kumanga zingwe za nsapato asanachotse matsire, malangizo ake amakhala abwino koma salowa. Chidakwa chimanamiza mkazi, abusa ngakhale dokotala. Chidakwa chinzake sichinamizika, chifukwa mabodza onsewo chinawanenapo kale.

Gulu la Alcoholics Anonymous, lija amangoti AA, linayamba chonchi mu 1935 ku Akron, m'chigawo cha Ohio ku America. Bill Wilson anali paulendo wa bizinesi womwe sunayende bwino, ndipo poopa kuti abwerera ku botolo anafunafuna chidakwa china choti acheze nacho. Anapeza dokotala wa maopaleshoni, Bob Smith. Anthu awiri basi. Mpaka lero lamulo lawo ndi lakuti wolowa angokhala ndi mtima wofuna kusiya mowa. Palibe ndalama yolembetsera, safunsa mpingo wako, ndipo umangotchula dzina loyamba. Mu 2020 akatswiri a bungwe la Cochrane ataunika kafukufuku wambiri anapeza kuti njira imeneyi imathandiza anthu kukhala osamwa mofanana kapena kuposa uphungu wina wa kuchipatala.

Nanga magulu otere tiwapeza kuti? Sakhala ndi chikwangwani pamsewu, ndipo n'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti kulibe. Poyambira ndi kuchipatala cha boma, mukafunse namwino kapena kiliniko ofisala woona za matenda a maganizo. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ali ndi ntchito yothandiza anthu omwe mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zawalowerera, ndipo Zomba Mental Hospital nayo imalandira odwala otere. Mukafika musangofunsa za mankhwala. Funsani kuti, "Kodi omwe anatuluka kuno amakumana kuti, tsiku liti?" Kuchokera nthawi ya Covid mu 2020 misonkhano yambiri ya AA imachitikanso pa Zoom usana ndi usiku, ndipo kamera mukhoza kuizimitsa n'kumangomvetsera. Vuto lake ndi bandulo komanso Chingerezi. Abale athu a ku Johannesburg ndi Cape Town muli ndi mwayi, kumeneko misonkhano ndi yambirimbiri. Akazi ndi ana a munthu womwa nawonso ali ndi gulu lawo lotchedwa Al-Anon.

Chenjezo limodzi lisakupiteni. Amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Pa masiku awiri kapena atatu oyambawo akhoza kugwa ngati wakhunyu, kubwebweta, kuona zinthu zomwe palibe, ena amafa kumene. Zikatero si ufiti, thamangirani naye kuchipatala. Gulu limabwera pambuyo pa zimenezi.

Koma tinene zoona, kwa munthu wa ku Ntchisi kapena Chitipa zonse ndatchulazi ndi zakutali. Apa m'pomwe ndimati tiyambitse tokha. AA yomweyo imanena kuti zidakwa ziwiri kapena zitatu zikakumana n'cholinga chosiya mowa, limenelo ndi gulu kale. Ife sizachilendo. Magulu a anthu omwe ali ndi HIV, monga a NAPHAM, anapulumutsa anthu ambiri nthawi yomwe aliyense ankaopa kutchula matendawa. Chofunika ndi kalasi imodzi ya pasukulu kapena kachipinda ka kutchalitchi, mipando, mwina ndi tiyi. Ndipo nthawi yake ikhale yomwe ija munthu ankakhala ali kumowa, osati Lachiwiri m'mawa.

Chomwe chingaphe gulu lotere kwathu kuno ndi miseche. Munthu aulule kuti anamwera fizi ya mwana, mawa nkhani ili kuchigayo, ndiye adzabweranso? Amipingo amene mungapereke chipinda, perekani kiyi n'kuchokapo. Musaime pakhomo kuwerenga amene alowa, ndipo musawaitane kutsogolo Lamulungu kuti achitire umboni. Wina akaterereka n'kumwanso, asathamangitsidwe. Abwere sabata yotsatira, akhale pampando wake, anene zomwe zinachitika.

Boma linaletsa mowa wa m'masacheti, koma unangosamukira m'timabotolo ta midoli, ndipo anyamata a kabaza akumwabe m'mawa dzuwa lisanakwere. Ngati kwanuko kuli gulu lomwe limakumana, tiuzeni dera ndi tsiku lokha. Mayina a anthu ake ayi.