Mwana wamkazi pa bwalo la masewero: zathu, za ku Mozambique ndi za ku Zambia

Amene adayendapo pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu akudziwa kuti pa Lizulu malire a dziko ndi msewu womwewo: ukamagula kabichi mbali ino uli ku Malawi, ukangodumpha tala kukafunsa mtengo wa mbatata ya kachewere ndiye kuti walowa ku Mozambique, m'chigawo cha Tete. Anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi, amakwatirana, amaikana maliro, amavina ngoma imodzi, ndipo ana awo aakazi amakula akusewera fulaye ndi phada mofanana. Ine ndaphunzitsa pa sukulu ya pulaimale m'dera lino zaka zingapo, ndipo masana ndimayang'anira timu ya atsikana. Chimene chimandipatsa maganizo ndi chakuti ana amene amayamba mofanana chonchi amapezeka kuti maiko awo awatsegulira makomo osiyana pa nkhani ya masewero, ndipo khomo lililonse lili ndi pamene limathera.

Kutsekera akazi kunja kwa bwalo sikudayambe ndi makolo athu. Pa mpikisano woyamba wa Olympics wa masiku ano, ku Athens mu 1896, padalibe mkazi ndi mmodzi yemwe, ndipo ku Paris mu 1900 akazi adalipo 22 mwa anthu pafupifupi 1,000. Ku England, kumene mpira wa miyendo udachokera, bungwe loyendetsa masewerowa lidaletsa akazi kusewera pa mabwalo ake kuyambira 1921 mpaka 1971. Liwiro la mamita 800 la akazi lidachitika ku Amsterdam mu 1928, kenako lidachotsedwa ponena kuti thupi la mkazi silingapirire mtunda wotere, ndipo lidabwereranso mu 1960. Maganizo amenewa ndiwo adafika kuno ndi sukulu za atsamunda ndi za mishoni, ndipo adapeza nthaka yolimalima kale.

Ife Amalawi tidalandira kwa Angelezi mpira wa manja, umene ambiri amautcha wa ntchemberembaye, ndipo tidaulandira ndi manja awiri chifukwa sunkasokoneza mwambo: mtsikana amasewera atavala siketi, sagwetsana ndi mnzake, ndipo sathamanga ndi mpira. Tikumbukirenso kuti kuyambira 1973 kudali lamulo loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, limene lidachotsedwa pokhapokha pamene dziko linkalowa mu ulamuliro wa zipani zambiri. M'nyengo yotero, mtsikana wovala kabudula n'kumakankha chikopa pamaso pa anthu akadaoneka ngati wopanda mwambo. Choncho anyamata adatenga bwalo lalikulu, atsikana adapatsidwa kabwalo kapambali, ndipo mpaka lero sukulu zambiri zili choncho. Pa sukulu yathu bwalo la atsikana lili potsetsereka kuseri kwa makalasi, mizati yake ndi ya bulugamu, mkombero wa chigoli ndi waya wopinda pamanja, ndipo mizere timalemba ndi phulusa la kukhitchini ya phala, limene mphepo ya mwezi wa June imauluza tisanafike pakati pa masewero.

Komabe pa kabwalo kameneka ndi pamene padatuluka ulemerero umene amuna athu sadaufikepo. Timu yathu ya mpira wa manja, Malawi Queens, idakhala pa nambala 5 pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Auckland mu 2007, m'masiku a Mary Waya. Mu 2015 Mwai Kumwenda adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa chikho cha dziko lonse ku Sydney, ndipo mu 2018, pa masewero a Commonwealth ku Gold Coast, Queens idagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53, dziko limene lili ndi nyumba zosewereramo, madokotala a timu ndi ligi yolipira malipiro. Atsikana athu adachita zimenezi akukonzekera pa bwalo la simenti lapanja. Mphamvu ya njira yathu ndi yakuti mizu yake ndi yotambalala, pakuti palibe sukulu ya kumudzi imene mtsikana sangapezeko mpira wa manja. Kufooka kwake ndi kwakuti mpira wa manja suli pa Olympics, umaseweredwa kwambiri m'maiko amene adalamulidwa ndi Britain basi, ndipo ndalama zake n'zochepa. Tidawapatsa atsikana munda wawowawo, koma munda wake tidautchinga ndi mpanda.

Tsidya la msewu zinthu zidayenda mwina. Apwitikizi sadabweretse mpira wa manja, ndipo atsikana amene amabwera kuchokera mbali ya Angónia kudzakhala ndi abale awo kuno amaphunzira masewerowa pa bwalo lathu. Kwawo masewero amene akazi adatchuka nawo ndi basketball. Timu ya amayi ya Mozambique idafika mu ndime yomaliza ya chikho cha Africa ku Maputo mu 2013 ndipo idakasewera pa mpikisano wa dziko lonse ku Turkey mu 2014. Clarisse Machanguana adasewera mu ligi ya WNBA ku America, ndipo kalabu ya Ferroviário de Maputo, imene idabadwa mwa anthu ogwira ntchito ku njanji, idatengapo chikho cha makalabu a amayi a mu Africa.

Koma dzina limene aliyense amalidziwa, ngakhale ogulitsa tomato pa Lizulu, ndi la Maria de Lurdes Mutola. Iyeyu adabadwa mu 1972 ku Chamanculo, dera la anthu osauka mu mzinda wa Maputo, ndipo adayamba ndi mpira wa miyendo, akusewera m'timu ya anyamata chifukwa ya atsikana kudalibe. Mlakatuli José Craveirinha ndiye adaona liwiro lake n'kumulimbikitsa kuti ayese kuthamanga, mwana wake Stélio nakhala mphunzitsi wake woyamba. Ali ndi zaka 15 adapita ku Olympics ya ku Seoul mu 1988, nthawi imene nkhondo yapachiweniweni idali pachimake ndipo midzi ya kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza idali yodzaza ndi abale athu othawa nkhondo. Pambuyo pake adapeza mwayi wokaphunzira ku Oregon, ku America. Adapata mendulo ya bronze ku Atlanta mu 1996 ndi ya golide ku Sydney mu 2000, pa mtunda womwe uja wa mamita 800 umene akuluakulu a ku Ulaya adati mkazi sangaupirire. Mpaka lero mendulo ziwiri zokha za Olympics zimene Mozambique ili nazo zidabwera ndi mayi ameneyu, pamene ife tilibe ndi imodzi yomwe.

Ndimamulemekeza kwambiri Mutola, koma ndikaiyang'anitsitsa mbiri yake ndimaona kuti idadalira mwayi wa munthu mmodzi kukumana ndi munthu wamaso. Mpata umenewu udapezeka ku Maputo, kumene kuli makalabu ndi mabwalo. Kuchokera ku Ulongwe kukafika ku Maputo ndi ulendo wa masiku, ndipo kwa mwana wa m'malire muno Lilongwe ili pafupi koposa likulu la dziko lake. Mozambique ili ndi nsonga yaitali, ndipo ikupitiriza kutulutsa akatswiri, monga Alcinda Panguana ndi Rady Gramane amene adatenga mendulo pa mpikisano wa nkhonya wa dziko lonse ku Istanbul mu 2022, koma m'midzi yoyang'anana nafe sindiona chimene chimagwira mtsikana wamba monga mmene mpira wa manja umawagwirira athu. Ndipo dziko lino la mapiri, lozizira ndi lokwera, kumene atsikana amasenza madengu a mbatata kukwera zitunda tsiku ndi tsiku, likadayenera kutulutsa othamanga mbali zonse ziwiri za msewu.

Zambia ndi imene ndikufuna kuti tiiganizire mofatsa, chifukwa idayamba ngati ife, pansi pa Angelezi omwewo, ndi mpira wa manja womwewo m'sukulu, ndipo mayina a akatswiri ake ndi a mafuko athu omwe: a Phiri ndi a Banda. Iwo adalola akazi kulowa m'masewero amene ankatchedwa aamuna, ndipo adayambira pa ovuta kwambiri, a nkhonya. Esther Phiri, amene ankagulitsa ndiwo zamasamba ku Lusaka, adakhala katswiri wodziwika m'dziko lonselo, ndipo Catherine Phiri adakatenga lamba wa dziko lonse lapansi wa bungwe la nkhonya la WBC ku Mexico mu 2016. Anthu atazolowera kuona mkazi atavala magolovesi, kumuona atavala nsapato za mpira sikudakhalenso chodabwitsa. Barbra Banda yemwe adamenyapo nkhonya asanasankhe mpira wa miyendo. Pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021 adamwetsa zigoli zitatu polimbana ndi Netherlands ndi zitatu zina polimbana ndi China, m'masewero otsatizana. Timu yawo ya amayi ya mpira wa miyendo, Copper Queens, idakhala pa nambala 3 mu Africa mu 2022, ndipo mu 2023 idasewera pa chikho cha dziko lonse n'kugonjetsa Costa Rica 3 kwa 1, malo amene timu yawo ya amuna, Chipolopolo, ngakhale idatenga chikho cha Africa mu 2012, sidafikepo. Mu 2024 kalabu ya Bay FC ya ku America idagula Racheal Kundananji pa mtengo umene pa nthawiyo udali waukulu koposa wa wosewera wamkazi aliyense pa dziko lapansi.

Chinsinsi chawo, m'kuona kwanga, si luso loposa lathu. Makalabu awo akuluakulu a amayi adatsamira pa olemba ntchito: Green Buffaloes ndi ya asilikali, Red Arrows ndi ya asilikali a m'ndege, ndipo ena ali pansi pa makampani. Mtsikana waluso amaona kuti mpira ungamupatse ntchito ndi malipiro a pamwezi, ndipo makolo ake amaonanso chimodzimodzi. Njira imeneyi ifenso timaidziwa, pakuti matimu a mpira wa manja monga Admarc Tigresses, Escom Sisters ndi Blue Eagles Sisters adakula motero, koma sitidaifikitse ku mpira wa miyendo pa nthawi yake. N'chifukwa chake Tabitha Chawinga adachoka ku Rumphi, nadzera ku Lilongwe, n'kupita ku Sweden ali wamng'ono, asanakatsogole pa omwetsa zigoli ku Italy ndi ku France. Mng'ono wake Temwa adatsata mapazi omwewo mpaka adamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Ana awiriwa adakulira m'manja mwa eni, ife tikungomva pa wailesi. Pamene timu yathu ya amayi ya mpira wa miyendo, Scorchers, idagonjetsa Zambia yomweyo 2 kwa 1 n'kutenga chikho cha COSAFA, cha maiko a kummwera kwa Africa, mu 2023, zidaonetsa poyera kuti chimene chinkasowa kuno sichidali miyendo.

Sindikunena kuti ku Zambia amayi afanana ndi amuna. Osewera awo adandaulapo za ndalama zawo zochedwa, ndipo Barbra Banda adasiyidwa pa chikho cha Africa cha 2022 pa nkhani yoyeza thupi lake, monga mmene Tabitha adafotokozerapo kuti ali mtsikana adavulidwa pa bwalo kuti anthu atsimikize kuti ndi mkazi. Mwana wamkazi akaposa muyeso umene anthu adamuikira, funso loyamba limakhala lakuti kodi ndi mkazidi, ndipo chipongwe chimenechi sichiona malire a dziko. Ngakhale pamwamba penipeni kusiyana kukadalipo: mphoto za chikho cha dziko lonse cha amayi mu 2023 zidali madola 110 miliyoni, pamene za amuna mu 2022 zidali 440 miliyoni.

Koma kuno kwathu nkhondo yeniyeni imachitika pa msinkhu wa zaka 13 mpaka 16, kutali ndi mphoto zimenezo. Chaka chatha ndidali ndi mtsikana wa Sitandade 7 amene ankathawa bwalo lathu n'kukasewera mpira wachikulunga ndi anyamata, opanda nsapato, ndipo palibe mnyamata amene ankamulanda mpira. Atatha msinkhu adasiya kubwera. Ndidapita kwawo madzulo ena ndipo ndidapeza mayi ake akusankha nyemba pa lichero. Atandiyalira mphasa adandiuza modekha kuti, "Aphunzitsi, sikuti tikukana ayi, koma mwanayu wakula tsopano, ndipo anamkungwi amulangiza. Akamathamanga ndi anyamata anthu atinena. Nanga mpirawo adzadya?" Funso lomalizali ndidalephera kuliyankha msanga. Mayi wa ku Lusaka angathe kuloza mwana wa mnansi wake amene adalembedwa usilikali chifukwa cha mpira, pamene ine ndikadangotchula ana a Chawinga, amene kwa mayiyu ali kutali ngati mwezi.

Malamulo tili nawo. Lamulo loona za kufanana kwa amuna ndi akazi lidakhazikitsidwa mu 2013, malamulo oyendetsera dziko adasinthidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18, ndipo kuno ku Dedza malemu Inkosi Kachindamoto adathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera atsikana ku sukulu. Mtsikana wobwerera ku sukuluyo ndi yemweyo amene tikufuna pa bwalo, koma akamaliza Sitandade 8 pamafunika timu ya m'boma lake yoti imulandire, mpikisano wa chaka chonse osati bonanza ya tsiku limodzi ya nthawi ya kampeni, ndi olemba ntchito, kaya ndi apolisi, asilikali kapena makampani, amene angaike timu ya amayi m'bajeti mofanana ndi ya abambo.

Mayi aja tidagwirizana chimodzi: mwanayo abwerere, koma azisewera ndi atsikana anzake, ndipo azifika pakhomo dzuwa lisanalowe kuti akatunge madzi. Ndidapempha a hedi kuti Lachiwiri ndi Lachinayi bwalo lalikulu likhale la atsikana, ndipo anyamata adang'ung'udza sabata ziwiri kenako adayamba kudzaonerera. Tsiku loyamba adabwera atsikana 9. Pano tili ndi 23, ndipo anayi mwa iwo amadumpha tala m'mawa uliwonse kuchokera ku Mozambique.