Meya wosankhidwa ndi makhansala: zomwe ndimaona ndikadutsa pa Chiponde

Mayi wina amene amagulitsa usipa wouma mumsika wa pa boma pano pa Mangochi amasunga matikiti a msonkho m'kajumbo komwe amamanga kumsonga kwa chitenje. Tsiku lina ndikugula ndiwo ndinawafunsa ngati akumudziwa meya wa tauni yathu, ndipo anaseka nkunena kuti amene amamudziwa ndi mnyamata wodula matikiti, poti ndiye amabwera m'mawa uliwonse. Sindinawadabwe, chifukwa pa pepala lovotera sanaonepo nkhope ya munthu wopempha umeya.

Kuno ku Malawi nzika zimasankha makhansala, kenaka makhansalawo amasankhana okhaokha kuti apeze meya, yemwe amakhala pampando zaka ziwiri ndi theka. Ndi mmene zilili ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Kampeni yeniyeni ya umeya imachitika m'chipinda, pakati pa anthu owerengeka, ndipo wopambana amadziwa bwino amene ayenera kuwasangalatsa kuti mpando usamuchoke. Kuwonjezera apo, mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo, amene ali ndi makiyi a ndalama ndi antchito, amachita kutumizidwa kuchokera ku Lilongwe. Meya amavala mkanjo ndi unyolo wa ulemu, koma galimoto yotola zinyalala ikaima sangachotse munthu ntchito.

Mukakwera mapiri a ku Namwera nkudutsa pa chipata cha Chiponde, mumafika ku Mandimba, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Niassa ku Mozambique yomwe inapatsidwa khonsolo yakeyake mu 2013. Dziko la Mozambique linayamba zisankho za m'matauni mu 1998 ndi matauni 33, ndipo pofika 2023 anali 65. Poyamba meya ankavoteredwa payekha. Kuyambira 2018 munthu amavotera mndandanda wa chipani, ndipo amene ali pamwamba pa mndandanda wopambana ndiye amakhala meya. Njira yatsopanoyi yapatsa zipani mphamvu zambiri, komabe wovota amalowa m'kachipinda akudziwa dzina la amene adzalamulire tauni, ndipo meya kumeneko ndi wolamuliradi, wosankha yekha anthu ogwira naye ntchito.

Mzinda wa Beira ndi umene umandichititsa kaduka. Daviz Simango anapambana umeya mu 2003 kudzera m'chipani cha Renamo, ndipo chipanicho chitamukana mu 2008 anaima payekha, anthu a mumzindawo nkumubwezera pampando, pomwe anakhalapo mpaka imfa yake mu 2021. Kuno zotere sizingatheke: meya amene wayambana ndi chipani chake amatha tsiku lomwe makhansala akhala pansi, kaya misewu anaikonza kapena ayi.

A ku Zambia anasintha malamulo awo aakulu mu 2016, ndipo kuyambira pamenepo meya wa Lusaka, Kitwe kapena Chipata amasankhidwa ndi anthu onse kwa zaka zisanu. Koma pano ndiyenera kunena chilungamo: voti yokha sitseka zimbudzi zosefukira. Kolera inavuta kwambiri mu Lusaka mu 2017 mpaka 2018, nkubweranso mu 2023 mpaka 2024, meya wosankhidwa ali pomwepo. Ku Mozambique nakonso zisankho za m'matauni za 2023 zinatha ndi madandaulo a kubera mavoti ndi zionetsero m'misewu.

Vuto lathu lili ndi mizu yake. Makhansala amene tinasankha mu 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, dziko linakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda makhansala mpaka 2014, ndipo m'zaka zimenezo anthu anazolowera kuti mjigo, mlatho ngakhale bokosi la maliro zimapemphedwa kwa phungu. Lamulo la mu 2010 linapatsanso aphungu voti m'makhonsolo, mpaka khoti linagamula mu 2025 kuti zimenezi zikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko.

Ine ndikuona kuti tikatengere kwa a Zambia kavotedwe ka meya, koma mphamvu zake tikaonere ku Mozambique, kuti wosankhidwayo azitha kulemba ndi kuchotsa mkulu wa khonsolo komanso kuyankha za ndalama ya tikiti iliyonse. Tikatero mayi wa usipa uja adzadziwa khomo loti akagogode ndi kajumbo kake ka matikiti.