Mukuseka Nabwana, inu mwapanga chiyani?

Dzulo ndinapsa mtima koopsa, mpaka pano sunatsike. Mnyamata wina, foni yodula ili m'manja, amaonetsa anzake kachidutswa ka filimu ya ku Uganda ija ya Who Killed Captain Alex? Itafika pamene helikopita ikugwetsa nyumba mu Kampala, anaseka mpaka misozi. Kuseka sindikuletsa, filimuyo ili ndi nthabwala zake, inenso ndimaseka. Koma anawonjezera kuti anthu ngati amenewa ndi amene amachititsa manyazi Africa. Manyazi? Ndinamufunsa kuti achimwene, foni yanuyo mwajambulapo chiyani chimene munthu angakhale pansi n'kuonera mpaka kumapeto? Anangoti zii, maso pafoni.

Munthu amene akunyozedwayu dzina lake ndi Isaac Nabwana, wa ku Wakaliga, dera la anthu osauka mu Kampala. Kamera yake sanapatsidwe ndi bungwe. Ankaumba njerwa, kuwotcha, kugulitsa, n'kumasunga pang'onopang'ono mpaka ndalama zinakwana. Kompyuta zolumikizira zithunzi anachita kuzimanga yekha ndi zidutswa za makompyuta akale. Mu 2005 anayambitsa Ramon Film Productions, dzina limene analitenga kwa agogo ake aakazi awiri, Rachael ndi Monica. Filimu imene mukuisekayo inatuluka mu 2010 ndipo ndalama zonse zimene zinapitapo sizinapitirire madola 200. Foni ya mnyamata uja ndi yodula kuposa filimu yonseyo. Ndiye ndani ayenera kuchita manyazi pamenepa?

Mfuti mukuziona m'filimu zakezo n'zitsulo zotayidwa zimene anaziwotcherera pamodzi. Ochita zisudzo ndi anthu a m'dera lomwelo, amaphunzitsana okha kung fu pabwalo lafumbi. Magetsi amathima ntchito ili mkati, iye n'kudikira, akayaka n'kupitiriza. Chimene chimandibaya kwambiri n'chakuti filimu ya Captain Alex yoyambirira anaifufuta yekha m'kompyuta kuti apeze malo osungira filimu yotsatira. Yomwe timaoneraiyi inachokera pa DVD, n'chifukwa chake zithunzi zake sizioneka bwino. Munthu kufufuta ntchito ya thukuta lake chifukwa alibe ndalama zogulira posungira, koma osasiya kujambula! Inu mukuona zithunzi zosaoneka bwino. Ine ndikuona munthu wokana kukhala pansi.

Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Mu 2016 filimu yake ya Bad Black inapata mphotho yosankhidwa ndi oonera ku chikondwerero cha mafilimu cha Fantastic Fest mumzinda wa Austin ku America. Mu 2019 Crazy World inaonetsedwa ku chikondwerero chachikulu cha mafilimu ku Toronto. Mu 2022 gulu lake la Wakaliwood linaitanidwa ku documenta, chionetsero chachikulu cha zaluso, mumzinda wa Kassel ku Germany. Mzungu wina wa ku New York, Alan Hofmanis, anangoona kachidutswa pa YouTube, n'kunyamula chikwama ulendo wa ku Wakaliga kukagwira naye ntchito. Koma ndinene poyera, zimandinyansa kuti ndikutchula mayina a mizinda ya azungu kuti mumupatse ulemu. Akanapanda kumuwombera m'manja kunjako, bwenzi ali yemweyo, woumba njerwa amene anapanga filimu pamene ena onse ankati sizingatheke.

Chimatichititsa zimenezi n'chiyani? Takula tikuonera za ku Hollywood basi, ndiye chilichonse chosafanana nazo timachiyesa chinyalala. Koma chomwecho sichifukwa chonyozera munthu wogwira ntchito. Wonyozayo alibe filimu. Alibe ngakhale ya mphindi zisanu. Ali ndi pakamwa ndi bandulo basi. Angati timawadziwa amene akhala zaka khumi akunena kuti ndikadzapeza wondithandiza, ndikadzagula kamera yabwino, ndidzapanga filimu? Nabwana sanadikire munthu. Anatenga chimene chinalipo n'kuyamba.

Ndiye ena amaseka mawu a VJ Emmie, amene amalankhula pamwamba pa filimuyo, kufotokoza ndi kuponya nthabwala. Akuti ndi zachimidzi. Inu simunakulire m'mavidiyo sho, mutakhala pabenchi, mukumvera DJ akumasulira filimu ya karate m'Chichewa? Simunkasangalala? Lero mwagula foni ndiye zomwe zinakulerani zasanduka zachimidzi?

Ndipo pali china chimene chikundiwawa. Filimu ya Nabwana ikatha, ochita zisudzo omwewo amanyamula ma DVD n'kumayenda khomo ndi khomo kugulitsa, akuthamangitsana ndi nthawi, chifukwa pakangopita masiku ochepa akuba amakhala atakopera kale n'kudzaza msika. Kwathu kunonso n'chimodzimodzi. Mwana wa eni ake avutike miyezi, abwereke ndalama, ajambule filimu, mawa lake muipeza pa malo obenera nyimbo ikuikidwa m'ma memory card pamtengo wa mandasi, mwini wake osaonapo ngakhale tambala. Ndipo amene amapita kukabenetsa kumeneko ndi omwewo amene amafuula kuti mafilimu athu ndi osaoneka bwino. Aoneka bwino ndi ndalama ziti, inu mwaba?