Chenjezo kwa inu amene mukutaya ana ku self boarding

Makolo anzanga, lero ndilankhula, amene zimuwawe andikhululukire. Mwana akangosankhidwa ku CDSS yakutali mwayamba chizolowezi choipa: mumamupezera kachipinda ka lendi kuseri kwa golosale pa trading centre, kumusiyira ufa, kabotolo ka mafuta, soya pieces ndi timatemba, basi inu pa njinga ulendo wa kumudzi mtima uli mbee ngati udindo watha. Mwana wa Fomu 1, wa zaka 14, amene kunyumba mumamukaniza ngakhale kupita yekha kuchigayo dzuwa likalowa, ameneyo ndiye mwamusiya adzilere yekha teremu yonse?

Munayamba mwalowamo usiku m'tizipinda timeneti? Chitseko amatseka ndi msomali wopinda, bafa ndi la udzu lobooka mbali zonse, kutsogolo kwake kuli malo omwera mowa amene nyimbo zimalira mpaka tambala woyamba, atsikana anayi pa mphasa imodzi kuwerengera tochi ya foni. Ufa ukatha mwezi usanathe, makala atha, sopo watha, ma pad palibe, inu foni simukuyankha chifukwa mukudziwa kuti akupempha ndalama, mukuganiza kuti amene amagula zimenezi ndani? Alipo wogula. Wa kabaza alipo, mwini shopu alipo, abambo ena a makwaya kutchalitchi aliponso, ndipo palibe amene amapereka zaulere. Mimba ikaoneka ndiye mumayamba kufuula kuti ana a masiku ano ndi osamva. Osamva ndani apa?

Mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid, tonse tinaona kuchuluka kwa atsikana amene anatenga mimba ndi kulowa m'mabanja ali pakhomo penipeni pa makolo awo. Nanga amene ali yekha kutali?

Anyamata musawaiwale. Iwo sabwera ndi mimba ndiye mumati ali bwino, chonsecho ndalama ya ndiwo yathera ku betting, wayamba chamba ndi kachasu, akujomba kukagwira ganyu kuti alipire lendi. Mnyamata akakhala chete osaseka ndi anzake osamangoti wakula, mufunseni.

Aphunzitsi, nanunso musabisale. Tikudziwa kuti makalasi ndi odzaza ndipo malipiro ndi ochepa, zimenezo sitikutsutsa. Koma mwana akusinza pa desiki 9 koloko m'mawa, inu chimene mwaona ndi mwano, mwamupatsa khasu akakumbe dzenje la zinyalala dzuwa lili pamutu, osamufunsa n'komwe ngati dzulo anadya. Mtsikana akusowa masiku angapo mwezi ndi mwezi, mu register mukungolemba kuti sanabwere. A form teacher, mukudziwa kumene ana anu amagona? A hedi, munayamba mwayendako ku nyumba za lendizo ndi a PTA ndi a mother group? Ndipo iwe mphunzitsi amene umaitanira mwana wa sukulu kunyumba kwako madzulo ati akakutungire madzi, anzako akudziwa, anthu pamudzi akudziwa, amene akukubisa onse ndi olakwa limodzi nawe.

China chimene chimandinyansa ndi ichi chokambirana nkhani yogwiririra mwana pansi pa mtengo, wolakwa n'kulipira mbuzi kapena ndalama, makolo n'kulandira, nkhani yatha. Kuyambira 2017 malamulo akulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo ukwati wa mwana ndi woletsedwa. Nkhani zotere zimapita ku polisi, ku Victim Support Unit. Pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, ilembeni pachikuto cha kope la mwana wanu, mumuuze kuti akhoza kuimba yekha. Ndipo ngati watenga kale mimba osamuthamangitsira kwa mwamunayo, boma linalola kuyambira 1993 kuti akabereka abwerere kusukulu.

Eni nyumba za lendi, mukulandira ndalama mwezi uliwonse koma loko wa pachitseko akukukanikani kugula. Amuna akugogoda pazenera la ana 11 koloko usiku inu mukumva muli gone, mawa lake mukupereka moni kwa makolo awo ngati palibe chachitika. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, kapena mwambiwu unathera pa tsiku lotolera lendi? Ikani loko, konzani bafa, ndipo tengani nambala za foni za makolo a mwana aliyense amene akugona pakhomo panu.