Udzu wa pachikungu nawonso umafa

Wina waika chithunzi pa Facebook: ng'ombe zili mbwee pa busa la chikungu (dothi lamchere), mvula yoyamba yangogwa dzana, udzu wametedwa mpaka dothi kuonekera mbuu. Pansi pake walemba monyadira kuti udzu umenewu sufa. Zandinyansa zedi. Umafa bambo, ndipo ukafa subwerera msanga.

Kulimba ndi wolimbadi. Kapinga, udzu wa Rhodes ndi mitundu ina ya udzu wotchedwa Sporobolus zili ndi tizigawo pamasamba totulutsira mchere, moti mukapukuta tsamba m'chilimwe chala chimayera. Kapinga amapirira mchere wochuluka pafupifupi kanayi kuposa umene chimanga chimayamba kufookera. Koma kupirira mchere n'kwina, kupirira kumetedwa tsiku ndi tsiku n'kwinanso. Msipu woyamba umatuluka ndi chakudya chimene tsinde ndi mizu zinasunga chaka chatha. Ng'ombe zikaudya lero, wina uphuka, zidyanso, mapeto ake chosungidwa chija chatha, mizu yafupika, chitsa chauma. Mwapha nokha udzu umene chilala chinaulephera.

Pamalo pakangoyera, dzuwa limakoka madzi apansi kukwera nawo pamwamba. Madziwo amauluka, mchere n'kutsala, n'kuundana pamwamba penipeni pamene njere imayenera kumera. Kambewu kakamera pamenepo kamafa ndi ludzu dothi lili lonyowa, chifukwa mchere umakaniza mizu kuyamwa madzi. Onjezani ziboda zoponda dothi lonyowa: timipata tonse timatsekeka, mvula imangoyenderera pamwamba m'malo molowa n'kutsitsa mcherewo pansi. Udzu ndi zinyalala zake ndizo zimaphimba nthaka kuti zimenezi zisachitike.

Ena ati vuto ndi chilala, ena ati ziweto zachuluka. Kaya. Ine ndikunena za kumeta udzu mpaka pansi.

Mvula ikagwa, dikirani masabata 4 mpaka 6 musanalowetse ziweto. Zidye theka la masamba, theka litsale. Udzu womera m'magulumagulu usatsike kupitirira masentimita 10, ukafika pamenepo tulutsani ziweto ngakhale zikulira. Dothi likakhala lamatope musalowetse n'komwe. Gawani busa, ndipo chaka chilichonse gawo limodzi lipume mpaka njere zitakhwima n'kuyoyoka. Moto ayi, chifukwa ukutentha chophimba chomwe tikuchifunacho. Madzi akumwa abwino asasowe, poti chiweto chodya zamchere chimamwa kwambiri. Chovuta n'chiyani pamenepa? Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Nanga awa ongoti busa likayera thiranipo feteleza? Feteleza nayenso ndi mchere! Mukuthira mchere pa mchere, pamalo popanda mizu yoti iuyamwe. Enanso akuti lowetsani thirakitala mudzale chimanga, chimene sichilimba n'komwe pamchere. Khasulo lidzazula zitsa zochepa zotsalazo, chimanga chidzapserera chisanafike m'mawondo, ndiye ng'ombezo mudzazidyetsa chiyani?